Kiyi Imene Ndinapatsa Mlamu Wanga

Asisi anga samva ndi khutu lakumanzere. Ukafuna kulankhula nawo uyenera kuzungulira ukaime kumanja kwawo, apo ayi uzingobwebweta wekha ngati wailesi ya m'shopu. Anthu a ku Kafue amadziwa kuti khutulo anawagonthetsa ndi mwamuna wawo, ndipo n'zoona. Koma amene anamuonetsa pamene asisi anabisala ndine. Ndinachita zimenezo miyezi yambiri iwo asanaganize n'komwe zothawa.

Ntchito yanga ndi yopanga mawebusayiti ndi mapulogalamu a pa intaneti. Ndimagwirira m'kachipinda kuseri kwa shopu ya mankhwala a ziweto, pafupi ndi msika, pamene maminibasi a ku Lusaka amasokosera tsiku lonse. Atate athu anachokera kuchigawo cha kum'mawa kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo anamwalira akuuza anzawo kuti mwana wawo wamkazi wamng'ono amakonza mafoni. Ndinatopa n'kuwawongola.

Asisi amagulitsa nsomba. Ali m'gulu la amayi amene amakagula nsomba ku Chanyanya n'kudzazigulitsa m'tauni muno ndi ku Lusaka. Vuto lawo linali la mayendedwe. Dalaivala amapita kolakwika, wina amaiwala munthu, nsomba n'kuyamba kununkha mwini wake ali chiimire m'mbali mwa msewu, kenako ndewu. Tcheya wa gululo, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, anabwera kwa ine nati ndiwapangire chinthu cha pa foni chothetsa phokosolo. Ndinapanga. Mayi aliyense amalowa ndi pasiwedi yake n'kulemba kuti mawa munditenge pakuti, nthawi yakuti, ndili ndi mabasiketi angapo.

Chovuta pa ntchito ngati imeneyi si mabatani kapena mitundu ya pa sikirini ayi. Chovuta ndi kusankha kuti ndani aone chiyani. Ndinawafotokozera amayiwo ngati makiyi a nyumba ya lendi. Wamalonda ali ndi kiyi ya chipinda chake chokha, amaona zimene walemba yekha. Dalaivala amaona amayi okhawo amene tcheya wamupatsa kuti anyamule tsikulo. Tcheya yekha ndiye ali ndi kiyi yotsegula zipinda zonse, imene ife timati ya adimini. Pali lamulo limene aliyense wa ntchito yathu amalidziwa pamtima: munthu umupatse chilolezo chokwanira ntchito yake, osaonjezera ngakhale pang'ono. Ndinkalidziwa lamuloli, ndinkaliphunzitsanso ena ndi kamwano konyada.

Mlamu wanga, mwamuna wa asisi, anali mmodzi mwa madalaivala atatu a gululo. Anali ndi kalole kake koyera. Anali munthu wa nthabwala, wokondedwa pa siteji ndi kutchalitchi komwe. Atate atamwalira ndiye ananyamula bokosi, nkhuni ndi anthu, masiku atatu osadandaula. Ine ankanditchula kuti mkazi wake wamng'ono, monga amachitira alamu, ndipo ine ndinkamubwezera kuti mwamuna wanji wopanda ndevu. Munthu yemweyo ankamenya asisi. Tonse tinkadziwa. Ankhoswe anakhalapo pansi kangapo, ndipo mathero ake anali amodzimodzi, akuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Ine ndinkatukwana mumtima, koma Lamlungu likafika ndinkapita kukadya kwawo n'kuseka nthabwala zake.

Linali Lamlungu lotero, masana, kunyumba kwawo kufupi ndi mafakitale. Ndinatenga laputopu kuti tiyese pulogalamu yatsopanoyo pa foni yake. Analowa bwinobwino, nayang'ana, kenako anakwinya nkhope.

"Manje ivi ni vichani, mukazi wanga mung'ono? Naona chabe bazimai batatu. Benangu bali kuti?"

"Ba mulamu, imwe ndimwe ba draiva. Muona chabe bamene muzanyamula."

"Nanga ba cheya?"

"Beve baona vonse."

Anaseka, kuseka kwake kuja kogwedeza mimba. "So ine, mwamuna wa pa nyumba, wanipasa kiyi ya ku toileti. Kiyi ya ku bedirumu wapasa muzimai wa ku maliketi. Ni ulemu uyu, mulamu?"

Ndinayesa kuzitenga mwanthabwala. Ndinati ngakhale ku banki mlonda sapatsidwa kiyi ya sefa. Apo ndiye ndinalakwitsa, chifukwa kuseka kunatha. Anaika foni pa tebulo pang'onopang'ono, nayang'ana asisi amene ankabwera ndi mbale ya nshima. Asisi anaika mbaleyo ndi dzanja lamanzere, chifukwa lamanja linali lotupa pa mkono, ndipo anandiuza motsitsa mawu, osandiyang'ana.

"Bapase chabe, iwe. Tidye mu mutendere."

Ndinamvetsa. Ndikakana ine, wolipira akhala iwo ndikangotuluka pa geti. Komanso ndisaname, ndinachita manyazi kukaniza mlamu wamkulu m'nyumba mwake, nditasamba kale m'manja kuti ndidye nsomba yake. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Tsono tamverani mmene ndinachitira, chifukwa uchitsiru wanga wonse uli pamenepa. Ndikanamupatsa kiyiyo kudzera pa tsamba loyenera, tcheya akanaona dzina lake pa mndandanda wa maadimini, ndipo akanandidya wamoyo. Choncho ndinadzera kuseri. Ndinatsegula databesi, nkhokwe imene pulogalamu imasungamo zonse, n'kulemba ndi dzanja langa kachizindikiro pa akaunti yake koti uyu aone zonse. Pa mndandanda anakhalabe dalaivala wamba. Foni yake inadzaza ndi mayina a amayi onse, malo awo ndi nthawi zawo. Anasekanso, nandiikira mutu wa nsomba m'mbale mwanga. Ndinadziuza kuti ndichotsa mawa lake. Mawa lake kunabwera ntchito ina, ndipo zengerezu adalinda kwawukwawu.

Miyezi inapita. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo asisi analowa m'kachipinda kanga osagogoda. Poyamba sindinawazindikire. Diso limodzi linali litatsekeka, milomo itaphulika, bulauzi itang'ambika kumsana ndipo msanawo unali mizeremizere ya magazi. Mlamu anali atawakwapula ndi lamba wa injini pabwalo, anthu akuonerera pa mpanda, chifukwa kasitomala wamwamuna anawaimbira foni kufunsa mtengo wa nsomba. Asisi anamasula mfundo ya chitenje n'kundionetsa mano awiri. Sindidziwa chifukwa chake anawatola. Anati, "Nachoka. Sinizabwelelako."

Nkhani inafika kupolisi, koma achibale a mbali zonse ziwiri anawazinga asisi mpaka anaichotsa. Ngakhale amayi athu ankati ashipikishe, ndiko kuti apirire, ana akule ndi bambo wawo. Choncho pobisala sitinawauze amayi. Mnzawo wa asisi, mayi wamasiye wowamba nsomba ku Chanyanya, anawatenga n'kuwasunga m'nyumba yake ya chipinda chimodzi kuseri kwa bango. Odziwa tinali anayi okha: asisi, mayi wowasungayo, tcheya ndi ine.

Tcheya anabwera tsiku lomwe asisi anathawalo ali wefuwefu. "Muchose uja satana pa foni. Sanyamulanso nsomba zathu."

Ndinatsegula tsamba la madalaivala iye akuona, ndinadina batani, dzina la mlamu linazimiririka. Tcheya anati zikomo mwana wanga. Ine ndinamva kukoma ngati ndamuthyola mwendo. Za kiyi ina ija, imene ndinailowetsera kuseri, sizinandidutse m'mutu ngakhale pang'ono. Batani limene ndinadina linkachotsa udalaivala wokha. Akaunti yake inatsala yamoyo, ndipo foni yake inali chilowere kuyambira Lamlungu lija, chifukwa pulogalamu yanga sinkatulutsa munthu ikangomulowetsa. Ndinaipanga dala choncho kuti amayi asamavutike ndi mapasiwedi manja ali ndi mamba.

Patapita masiku awiri mlamu anandipeza ndili ndekha. Sanapereke moni. Anakankha chitseko ndi phazi, nandigwira tsitsi loluka n'kundimenyetsa chipumi pa tebulo. Ndinaona nyenyezi masanasana.

"Ali kuti mukazi wanga?"

"Siniziba."

Anandimenyetsanso. Magazi a m'mphuno anadontha pa mabatani a laputopu. Anandikweza ndi khosi n'kunditsamiritsa kukhoma, chala chake chachikulu chikulowa pammero, mpweya wake ukununkha mowa wa dzulo. Ndinamukanda kumaso mpaka khungu lake linatsalira m'zikhadabo zanga. Anatenga sikirini yanga yaikulu n'kuiswa pansi, naipondaponda. Mwini shopu ya mankhwala anabwera ndi mpini wa khasu, ndipo mlamu anatuluka akuloza chala.

"Nizamupeza. Na iwe uzalila."

Sindinaulule. Mlungu wonse ndinayenda ndi chotupa pachipumi ngati mendulo, ndikuuza aliyense wofunsa kuti ine si munthu woopsezedwa. Ndinkadziona ngwazi. Ndikakumbukira kunyada kumeneko lero ndimafuna kudzilavulira.

Munthu sangabisale osadya. Patatha milungu itatu mabala ataphwa, asisi anafuna kuyambanso malonda. Anandiimbira pa foni ya mayi wowasunga uja.

"Iwe, nikalemba pa chintu chako chija, sazaona?"

"Ba sisi, ninamuchosa na manja yanga. Sangaone chilichonse."

"Walumbila?"

"Nalumbila. Lembani."

Analemba. Munditenge pa mtengo wa mango kuseri kwa pokocheza mabwato, seveni koloko m'mawa, mabasiketi awiri. Tcheya anapereka ulendowo kwa dalaivala wina, mkulu wofatsa. Iye atafika anapeza zatha kale.

Zimene zinachitika anandiuza ndi asodzi, ndipo ndinawakakamiza kuti asandibisire kanthu. Kalole koyera kanafika isanakwane seveni. Asisi anali atawerama akukonza nsomba mu basiketi, ndipo atamva injini anaganiza kuti ndi galimoto yawo. Mlamu anawagwira kumbuyo n'kuwagwetsa chagada pa nsombazo. Anawaponda pamimba ndi nsapato ya ntchito, kawiri, katatu. Atayesa kukwawa anawakoka mwendo. Kenako anatenga chitsulo chokwezera jeke n'kuwamenya nacho m'mbali mwa mutu. Mayi wowasunga uja ndiye anayamba kufika, nadziponya pamwamba pa asisi, ndipo kachiwiri chitsulocho chinatera pa phewa lake. Asodzi anathamanga ndi nkhafi. Anamuthyola nthiti mlamuyo, anaswa magalasi onse a kalole, ndipo akanamuponya mumtsinje pakanapanda akuluakulu ena kuletsa. Anamumanga ndi chingwe cha ukonde mpaka apolisi anabwera.

Ndinawapeza asisi kuchipatala atagona chammbali, thonje la m'khutu litafiira. Panja pa wodi amayi a nsomba anali atadzaza, ndipo funso linali limodzi: wamuuza ndani? Tcheya anawerenga pa zala. Iye sanaulule. Ine ndinamenyedwa osaulula, chipumi chinali umboni. Watsala ndani? Wina anakumbukira kuti mchimwene wa mayi wamasiye uja amamwa ndi mlamu. Wina anati anamuona mayiyo ndi chitenje chatsopano. Za phewa lake lotupa palibe anazitchula. Anagwirizana zoti akabwera ndi nsomba zake pa msika mawa lake, adzayankhe. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinagwedeza mutu kuvomereza.

Mawa lake m'mawa ndinatsegula laputopu. Sindinkadzikayikira ayi. Ndinkafuna kuonetsa tcheya kuti pulogalamu yanga ilibe mlandu. Pulogalamu iliyonse yabwino imalemba m'kaundula wake kuti wakuti watsegula tsamba lakuti nthawi yakuti, ndipo yanga inkalemba mokhulupirika, kungoti mwini wake sindinkawerenga. Ndinasaka tsamba la asisi.

Akaunti ya mlamu inali pamenepo, mzere pa mzere. Kuyambira tsiku limene asisi anathawa, ankatsegula tsamba lawo m'mawa, masana ndi madzulo, n'kupeza mulibe kanthu. Ngakhale tsiku limene anandimenya, atangochoka kwa ine, anatsegula. Anadikira milungu itatu ngati msodzi wa mbedza. Mzere womaliza unali wa madzulo amene asisi analemba za mtengo wa mango, patangopita mphindi zochepa ine nditawalumbirira.

Ndinalowa mu databesi n'kufufuta kachizindikiro kaja. Sizinanditengere nthawi yoposa kuphethira. Ntchito yonse imene inkafunika kuti asisi akhale ndi makutu awiri inali imeneyo.

Kenako ndinakhala n'kuyang'ana kaundulayo. Ndinene zoona, chifukwa ndikabisa apa ndiye kuti zonsezi ndalemba pachabe. Kaundula ameneyo wotha kumuwerenga ndinali ine ndekha, wotha kumufufuta ndinalinso ine ndekha. Palibe mayi wa nsomba akanadziwa kuti chinthu chotero chiliko. Chala changa chinakhala pa batani nthawi yaitali. Chimene chinandidzutsa ndi phokoso lochokera ku msika.

Ndinathamanga laputopu ili m'khwapa. Kumbali ya nsomba anthu anali atapanga bwalo. Mayi wamasiye uja anali pansi m'matope a madzi a nsomba, duku litagwa, chitenje chatsopano chija atamuvula n'kuching'amba pakati. Ankamumenya ndi mabeseni ndi mapatapata. Wina anamuthira madzi a matumbo a nsomba kumaso. Wina anamuponda pa phewa lovulala lija, ndipo analira kulira kumene sindinakumvepo kwa munthu wamkulu. Ankangobwereza kuti, "Sinine, sinine, mulungu aziba."

Ndinaima kumbuyo kwa anthu. Sindinalowe nthawi yomweyo. Ndinaona mabeseni atatu kapena anayi akutera ndili chiimire. Nditaona mayi wina akutola mpeni wopalira mamba, m'pamene ndinakankha anthu n'kulowa pakati.

"Musiyeni! Ndine."

Sanamve. Ndinakwera pa tebulo la nsomba n'kutsegula laputopu, ndikuloza mizere imene palibe akanaiwerenga pa dzuwa limenelo. Ndinayamba kufotokoza za akaunti ndi databesi, ndipo ndinaona kuti ndikubisala m'mawu a ntchito. Ndinatseka laputopuyo.

"Ba cheya, ninamupasa kiyi monga yanu. Kudala, myezi yambili yapita, mu kabisila, imwe osaziba. Pamene munaniuza ati muchose, ninachosa imozi, inangu ninaibala. Enze kuona vonse pa foni yake. Aba amai sibanakambe na muntu."

Tcheya anayenda pang'onopang'ono, nandigwira mwendo n'kunditsitsa pa tebulo. Mbama yake inandizunguza mutu. Yachiwiri inanding'amba mlomo. Ena analowapo, mabeseni omwe aja, mapatapata omwe aja, ndipo sindinatchinge. Ndinagona m'matope momwe munagona mnzanga, ndikumva kuti beseni lililonse likutera pamalo pake. Wina anakuwa kuti ndiye kuti mwamuna uja ankadziwa malo a aliyense wa iwo miyezi yonseyi, ndipo zibakera zinawonjezeka.

Amene anawaletsa ndi mayi wamasiye yemwe uja. Anadzuka atagwira phewa, atadzikulunga theka la chitenje, naima pamwamba panga. Ndinayesa kupepesa. Anandiyang'ana ngati nsomba yowola.

"Ine nenze kugona pansi kuti sisi wako agone pa bedi," anatero. Anatola duku lake n'kumapita, ndipo mpaka lero sayankha moni wanga.

Kunatsala asisi. Ndinapita kuchipatala madzulo a tsiku lomwelo, mlomo uli ngati chitumbuwa. Ndinakhala pa mpando n'kunena zonse, kuyambira Lamlungu la mutu wa nsomba mpaka kaundula. Ndinalankhula nthawi yaitali, ndikulira. Nditamaliza anatembenuza mutu pang'onopang'ono.

"Ukamba na ine? Bwela uku. Uko kulibe muntu."

Ndinali nditakhala kumanzere. Mwina ndinachita dala, sindidziwa. Ndinanyamula mpando n'kuzungulira bedi, ndipo ndinayambiranso pachiyambi. Kachiwiri misozi inali itatha, panatsala mawu okhaokha, ndipo anali oipa kuposa poyamba. Asisi anamvetsera akuyang'ana kudenga.

"Ndine ninakuuza ati bapase," anatero.

"Kupasa munaniuza. Kuchosa inali nchito yanga."

"Ninakufunsa. Unalumbila."

Anapempha madzi, ndinawamwetsa.

Ulendo uno asisi mlanduwo sanauchotse. Kaundula uja ndinamusindikiza n'kukamupereka ndekha kupolisi, ndipo kukhoti ndinaimirira pamaso pa anthu kunena kuti kiyi ndinapereka ndine. Mlamu ali m'ndende, koma sadzakhalamo mpaka kalekale. Pulogalamu ya amayi a nsomba ndinaikonza yonse. Palibenso khomo lakuseri, ngakhale la ine mwini. Munthu akachotsedwa, makiyi ake onse amafa nthawi yomweyo ndipo foni yake imatulutsidwa. Mwezi uliwonse ndimakhala ndi tcheya n'kumuwerengera mokweza amene ali ndi chilolezo chotani, iye akundiyang'ana ndi diso lofiira. Mabwana ena a masukulu ndi mashopu amakwiya ndikawakaniza achibale awo kiyi ya adimini, amati ndilibe ulemu. Ndimawauza kuti ulemu ndinali nawo kale, ndipo ndikudziwa kumene unandifikitsa.

Asisi atatuluka m'chipatala sanabwerere ku Chanyanya, sanabwerenso kwa ine. Anapeza malo ena amene sanandiuze. Malonda akuchitabe, koma pa foni salembapo, amakambirana ndi dalaivala wofatsa uja pakamwa. Timakumana pa msika Loweruka lililonse. Amandisungira nsomba yabwino, amandinena kuti ndaonda, amandifunsa za amuna. Tsiku lina ndinawapempha kuti ndiwaperekeze kunyumba, ndiwanyamulire beseni. Anamangitsa chitenje, nanditembenuzira khutu lakumanja ngakhale wolankhula anali iwo.

"Sikuti nadana na iwe, mwana wa amai. Pa maliketi unipeza, foni yanga uli nayo. Vakukwanila."

Anasenza beseni lawo okha n'kulowera ku maminibasi. Ndinatembenuka kuyang'ana ku njanji kuti ndisaone imene akwere.